Kulemba nkhani ya mwana wogwiriridwa popanda kumusenzetsa mlandu

Uthenga wa mneneri wa apolisi umalowa pa WhatsApp cha m'ma 4 koloko madzulo, nkhani za 6 koloko zikudikira, kunja kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kaja kosaona kalendala. Apa ndi pomwe ambirife timagwera. Timangotenga uthengawo, kuumasulira, n'kuupereka kwa wowerenga nkhani. Ndakhala m'chipinda cholembera nkhani kuno zaka zoposa khumi, ndipo izi ndi zomwe ndimauza aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito, sabata yake yoyamba.

Ndimayamba ndi chiganizo chomwe ndinalemba ndekha kalekale: "Mtsikana wa zaka 14 yemwe anali pachibwenzi ndi bambo wa zaka 41 wapezeka ndi pakati." Tachiwerengani kawiri. Zonse akuchita ndi mtsikanayo: ndiye anali pachibwenzi, ndiye wapezeka ndi pakati. Bamboyo wangoima pambali ngati chitsa. M'mawa mwake ndinakwera sakaramento, kabaza wa njinga uja, kuchokera ku Chibavi, ndipo wopalasayo, osadziwa kuti wanyamula ndani, anaiyamba yekha nkhaniyo. "Ana amasiku ano, amama, ndalama aziika patsogolo." Sanamve molakwika. Anamva ndendende momwe ndinalembera.

Ndiye choyamba, wochita chinthucho akhale kumayambiriro kwa chiganizo. "Apolisi amanga bambo wa zaka 41 pomuganizira kuti wakhala akugwiririra mwana wa zaka 14." Mfundo zake ndi zomwezija, koma tsopano womvera akuyang'ana bamboyo. Mawu akuti "pomuganizira" asachoke mpaka bwalo litagamula. Kuteteza mwana sikutanthauza kuweruza munthu khoti lisanatero.

Kenako pitani m'nkhani yonse ndi cholembera chofiira, mukusaka mawu. Apa ndimachedwapo, chifukwa Chichewa chathu chili ndi misampha yomwe sitimaiona. Tengani "kugonana". Kamchira kaja ka -ana ndi komweko kali mu kukondana, kuthandizana, kugwirizana: kamanena kuti onse awiri anachita mofanana. Mukalemba kuti "anagonana ndi mwana wa Sitandade 6", mwamuyesa mwanayo mnzake wa bamboyo pa nkhaniyo. "Anachita zadama" kapena "zachisembwere" n'chimodzimodzi, matope ake amathimbirira onse awiri. Loopsa kwambiri ndi lomwe timaliyesa laulemu, "anamuchimwitsa". Wachimwa ndani pamenepo? Mwanayo sanachimwe, walakwiridwa. Nawo mawu akuti "chibwenzi" asapezeke m'nkhani ya mwana ndi munthu wamkulu, ngakhale mneneri wa apolisi atawagwiritsa ntchito, ngakhale mwanayo atanena yekha kuti "ndi chibwenzi changa".

Si ine ndikunena izi, ndi lamulo. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2023 boma linasinthanso gawo 138 la malamulo a milandu ya upandu, lomwe kale linkateteza atsikana osakwana zaka 16 okha, kuti lifike pa 18, ndipo chilango chake chikhoza kufika pokhala kundende moyo wonse. Pamaso pa lamulo, "eya" wa mwana kwa munthu wamkulu si chilolezo. Choncho zoti "anali wamkulu thupi", "anali atatha msinkhu", "ankaoneka ngati ntchembere", n'zopanda ntchito m'nkhani. Lembani zaka zake, mumutche mwana, basi.

Za ndalama zimafuna kusamala kwina. Nthawi zambiri uthenga wa apolisi umati bamboyo ankamupatsa mwanayo K2,000, kapena chipisi, kapena mayunitsi. Musazichotse, chifukwa makolo ayenera kudziwa momwe anthuwa amatcherera ana. Koma muone mbali yomwe mwaziika. "Mtsikanayo ankalandira ndalama" ndi chiganizo cha malonda. "Bamboyo ankamunyengerera ndi ndalama" chikuonetsa nyambo ndi mwini mbedza.

Pali tinthu tina tomwe timalowa m'nkhani ngati tongokometsera: anavala siketi yaifupi, ankachokera koonera vidiyo usiku, ankagulitsa mandasi kudepoti mpaka mdima, anapita yekha kunyumba kwa bamboyo. Ine ndimadzifunsa funso limodzi: kanthuka kakuthandiza womvera kumvetsa zomwe woganiziridwayo anachita, kapena kakumupatsa chifukwa chonenera kuti "nayenso"? Ngati ndi chachiwirichi, kachoke. Muonetsetsenso kuti mlandu womwe mwauchotsa pa mwana usakagwere pa mayi ake. "Izi zinachitika mayi ake atapita kumaliro ku Ekwendeni" imamveka yosalakwa, koma kumsika wa Zigwagwa ikafika ili "mayi wosasamala". Kupita kumaliro si mlandu. Lembani kuti bamboyo anapezerapo mwayi pomwe mwanayo anali yekha.

Chimodzimodzi kuchedwa kuulula. Timakonda kulemba kuti "mtsikanayo anabisa nkhaniyi kwa miyezi inayi", ngati kuti anali nawo pachiwembu. Mwana amakhala chete chifukwa waopsezedwa, chifukwa wochitayo ndi amene amagula ufa pakhomopo, chifukwa akudziwa kuti akanena, woyamba kukalipiridwa ndi iyeyo. Funsani apolisi ngati panali kuopseza, ndipo ngati panali, chimenecho ndicho mulembe. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zotere asanafike zaka 18. Nkhani zomwe zimafika pa desiki yanga n'zochepa kutalitali ndi chiwerengero chimenecho, ndipo ana omwe akadali chetewo nawonso amamvera wailesi. Za anyamatazo ndinenepo pang'ono: mnyamata wa zaka 13 akagwiriridwa ndi mayi wamkulu, m'chipinda cha nkhani mumabuka kuseka. Kusekako kusalowe m'nkhani, ndipo kunena zoona kusakhalenso m'chipindamo.

Kukhoti kuli msampha wake. Wozengedwa mlandu akapezeka wolakwa amapatsidwa mpata wopempha kuti bwalo limumvere chisoni, ndipo apa ndi pomwe mumamva zoti ndi Satana, unali mowa, anandinamiza zaka, sing'anga anandiuza kuti bizinesi iyenda, mkazi wanga ankandikana. Mawu amenewa amakoma pa mutu wa nkhani, n'chifukwa chake timawathamangira. Koma mukawakweza pamutu, mwapereka maikolofoni kwa wolakwa. Aikeni mkati, mufotokoze kuti ndi zomwe iye ananena podandaula, ndipo pomwepo muike zomwe woimira boma pa milandu ndi majisitireti anayankha.

Tsopano mzere womwe unandiphunzitsa zambiri kuposa ina yonse, womaliza uja wa mauthenga a apolisi: "Woganiziridwayu amachokera m'mudzi mwa Uje, Mfumu Yaikulu Uje, m'boma la Uje." Tinauzolowera moti sitiuonanso. Tsiku lina tinaulutsa nkhani yomwe dzina la mwana tinalibisa bwinobwino, koma tinatchula dzina la bamboyo, mudzi wake, dera lomwe amakhala kuno m'tauni, n'kuwonjeza kuti wogwiriridwayo ndi mwana womupeza. Patapita masiku atatu kunabwera mayi wina ku ofesi, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha mvula. Sanakalipe. Anakhala pa benchi, manja ali pamiyendo, n'kunena kuti mwanayo wasiya sukulu chifukwa anzake akumuitana ndi dzina la bambo uja. Ndinalibe choyankha. Dzina la mwanayo sitinalitchule, inde, koma tinajambula mapu ofikira pakhomo pake.

Kuyambira pamenepo ndimati sankhani chimodzi. Ngati mwatchula dzina la woganiziridwa, musatchule ubale wake ndi mwanayo. Ngati ubalewo ndiwo mtima wa nkhani, kuti ndi malume, bambo omupeza kapena mphunzitsi wake, dzina ndi mudzi zichoke. Sukulu, kalasi, tchalitchi, ntchito ya makolo, zonsezi zimalozera. Mzuzu ndi wamng'ono. Mukati "mwana wa Sitandade 7 wa ku Zolozolo yemwe mayi ake amagulitsa nsomba", theka la Zolozolo lamudziwa. Lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaletsa kuulutsa zomwe zingachititse kuti mwana wokhudzidwa ndi mlandu adziwike. Chithunzi chophimba maso okha, yunifolomu ndi khonde la nyumba zikuoneka, sichinabise kanthu. Ndipo mukaika nkhaniyo pa Facebook, khalani pomwepo mukuyang'ana ndemanga, chifukwa pasanathe ola wina amalemba dzina lija munabisa.

Mwanayo musamufunse mafunso. Wafotokoza kale kwa apolisi, kuchipatala, mwinanso kukhoti, ndipo kubwereza kulikonse n'kutokosa bala. Zomwe mukufuna mungazipeze ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza ochitidwa nkhanza, kwa a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndi m'zomwe zanenedwa pabwalo. Mukalankhula ndi kholo, funso loti "bwanji sanakuwe?" kapena "inu munali kuti?" mulimeze.

Mzere wa mudzi ndi mfumu uja ukachoka, pamatsala masekondi ngati makumi awiri, ndipo ine ndimaikapo zomwe kholo lomwe likumvera lingagwiritse ntchito usiku womwewo. Kuti mwana akachitidwa zotere apite naye kuchipatala msanga, asanasambe ndiponso zovala zisanachapidwe ngati n'kotheka, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Kuti pa chipatala chachikulu cha Mzuzu pali One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, pomwe thandizo la chipatala, la apolisi ndi uphungu zimapezeka malo amodzi. Kuti nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Ndiponso kuti uwu si mlandu wokambirana pakhomo kapena kwa amfumu n'kutha ndi mbuzi. Wowerenga nkhani akadandaula kuti nthawi yachepa, ndimadula ndime ya Satana ndi mowa ija.