Bizinesi ikagwa, yambani ndi izi

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amalonda a ku Old Town ndi ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe amene ankaoda katundu kunja pangongole adangoona ngongole yakula, katundu m'shopu ali yemweyo. Kugwa kotere kumafuna dongosolo, osati kulimba mtima kokha.

Musazimitse foni. Kubisala n'kumene kumasandutsa ngongole kukhala mlandu. Lembani onse amene muli nawo ngongole, kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, ndipo muyambe ndi antchito komanso MRA, bungwe lotolera misonkho. Msonkho wa PAYE umene mudadula pa malipiro a antchito si wanu. Uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ukachedwa umabwera ndi chilango. Ngati mukuchotsa anthu ntchito, werengeranitu ndalama yowalipira malinga ndi Employment Act: malipiro a milungu 2 pa chaka chilichonse pa zaka 5 zoyamba zimene adagwira ntchito, milungu 3 pa chaka cha 6 mpaka cha 10, milungu 4 kupitirira apo. Mabwana ambiri amaiwala zimenezi, n'kukazikumbukira ali ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito.

Ku banki pitani musanaphonye mwezi, mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi yobwezera. Dzina likalembedwa kuti simubweza, mabanki ena amaliona, ndipo ngongole yoyambiranso imavuta. Katapila ayi. Chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi nthawi zambiri chimaposa phindu la katundu amene mungagulitse.

Kenako tsegulani mabuku a miyezi 12 yapitayo, mupeze chimene chidapha bizinesi. Nthawi zambiri kwacha imangomalizitsa. Matenda amakhala adayamba kale. Onani ndalama zimene zidatuluka m'kauntala kupita ku maliro, ku fizi ndi ku zinkhoswe popanda kulembedwa. Onani makasitomala aakulu amene adatenga katundu n'kulipira patapita miyezi, inu mukulipira lendi mwezi ndi mwezi. Chachikulu kwambiri ndi mtengo: ambiri amaika mtengo potengera ndalama imene adaodera, m'malo mwa imene adzaodere ulendo wotsatira. Mumagulitsa zonse, mumaoneka ngati mwapindula, koma ndalamayo siikwananso kudzaza mashelefu.

Poyambiranso sankhani katundu mmodzi kapena awiri wotuluka msanga, wolipidwa pomwepo. Akaunti ya bizinesi ikhale payokha, inu muzidzilipira malipiro okhazikika, ndipo musakulitse kanthu mpaka mutasunga ndalama ya lendi ndi malipiro ya miyezi 3. Galimoto ikafunika kugulitsidwa, igulitseni ikadali ndi mtengo, manyazi salipira lendi. Akunyumba auzeni zoona msanga, makamaka ngati nyumba kapena puloti lidaikidwa chikole ku banki.