Kusaina uthenga ndi satifiketi pogwiritsa ntchito OpenSSL

Musanayambe kulemba pulogalamu yogwiritsa ntchito OpenSSL (chida cha pakompyuta chosainira ndi kubisira uthenga), onetsetsani kuti muli ndi satifiketi ya X.509 (chikalata cha pakompyuta chosonyeza mwini wa kiyi) komanso kiyi yachinsinsi yogwirizana nayo, zonse zili m'mafayilo a PEM (mafayilo osunga satifiketi ndi makiyi ngati zilembo). Pogwiritsa ntchito malamulo a OpenSSL oitanidwa m'pulogalamu yanu, werengani satifiketiyo ndi PEM_read_bio_X509, kiyiyo ndi PEM_read_bio_PrivateKey, kenako muzitsimikize ndi X509_check_private_key, pakuti kiyi ikakhala ya satifiketi ina kusainako sikungatheke.

Ntchito yaikulu ili pa CMS_sign, imene imawerengera chidule cha uthenga (manambala ochepa oimira uthenga wonse) m'njira monga SHA-256, n'kusaina ndi kiyi yanu, n'kuphatikizamo satifiketi kuti wolandira adziwe amene wasaina. Mukasankha CMS_DETACHED, siginecha imakhala payokha ndipo uthenga umawerengekabe monga unalili. SMIME_write_CMS ndiyo imaika zonsezi m'maonekedwe a imelo. Pamene mukusaina chithunzi kapena fayilo ina yosakhala ya mawu, musaiwale CMS_BINARY, apo ayi OpenSSL idzasintha mathero a mizere ndipo zosainidwazo sizidzafanananso ndi fayilo yanu. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Wolandira amagwiritsa ntchito CMS_verify pofufuza siginecha ndi bungwe limene linapereka satifiketi. Kiyi yachinsinsi itsekeni ndi mawu achinsinsi, ndipo musailembe konse m'kati mwa khodi.