Musanadule ekizosi ya bakkie yanu, yambani mwayeza kaye

Ndimagwira ntchito ya umakaniko pa galaja ina ku Booysens, ndipo Loweruka silidutsa osabwera m'bale wakumudzi ndi bakkie yake, dandaulo lake lomwelomwelo: "Achimwene, galimotoyi yafooka. Ndikapakira katundu wa ku Blantyre ikumakwera mtunda ngati ng'ombe yodwala. Mundiikire fyuluta ya cone ija ndi ekizosi ya free-flow." Cone ndi fyuluta ya mpweya yosongoka yoika m'malo mwa bokosi la fyuluta la fakitale, pomwe free-flow ndi ekizosi yolola utsi kutuluka mosavuta. Ine ndimayamba ndafunsa kuti injini yake ndi yanji, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kuno ku Joni tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini ya petulo yopanda tebo imangokoka mpweya umene yaupeza, choncho imataya pafupifupi magawo 17 pa 100 aliwonse a mphamvu yake. Hilux ya 2.7 VVT-i papepala analemba 122 kW, koma kuno imakupatsani pafupi ndi 100 basi. Tsiku lina mudzatsike nayo pa N3 kupita ku Durban, mukadutsa Van Reenen mudzaimva ikudzuka yokha popanda munthu kuigwira sipanala. Fyuluta, kaya idule bwanji, siingalenge mpweya umene kulibe. Dizilo ya tebo, monga D-4D ndi GD-6 za Toyota kapena za mu Ranger ndi D-Max, imapanikiza mpweya yokha, ndiye mtundawu suipweteka kwambiri.

Choyamba kuchita ndi kuyeza, ndipo sizilira ndalama. Sankhani msewu wathyathyathya umene mumaudziwa, m'mawa wa Lamlungu magalimoto asanachuluke. Ikani giya 4, yendani pa 60, pondani mafuta mpaka pansi, mnzanu wokhala pambali awerenge masekondi pa foni mpaka mufike pa 100. Bwerezani katatu, lembani. Mukadzasintha chilichonse mudzabwerere pamsewu womwewo, ndi katundu wofanana, nthawi yofanana. Khutu ndi labodza, abale anga. Galimoto ikayamba kubangula, mtima umakhulupirira kuti ikuthamanga.

Mukatero onani zinthu zotopetsa zija zomwe aliyense amazidumpha: fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, fyuluta ya mafuta, mapulagi, mabuleki ogwira pang'ono, matayala ochepa mpweya, kilachi yoterereka. Pa dizilo onjezani paipi yong'aluka ya intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku tebo) ndi EGR (vavu yobwezera utsi wina mu injini) yotsekeka ndi mwaye. Ma bakkie ambiri obwera akudandaula kufooka amachira pompano.

Tsopano za cone. Ineyo ndinagwamo kale, ndisanachenjere. Ndinachotsa bokosi la fyuluta pa Hilux yanga ya petulo n'kuikapo cone yofiira, yowala, yoti ukatsegula boneti anthu aziima. Kulira kwake ukaponda mafuta, ayi ndithu, kunali kokoma. Nditabwerera pamsewu wanga woyezera, kusiyana kwake sikunafike ndi sekondi imodzi yomwe, ndipo masana kukatentha inkachita ulesi kuposa kale. Chifukwa chake n'chosavuta: bokosi la fakitale limakoka mpweya wakunja, pomwe cone yosatchingidwa imamwa mpweya wotentha wa pambali pa injini. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi magawo atatu pa 100, ndiye kaphindu kamene mwapeza potsegula njira kathera pomwepo.

Vuto lina linadza nditaitsuka. Mafyuluta a nsalu aja amafuna kupakidwa mafuta, ndipo ine ndinachulutsa. Mafutawo anakamata pa kawaya ka MAF sensor, kamene kamauza kompyuta kuchuluka kwa mpweya wolowa, galimoto n'kuyamba kudukiza ndi kumwa petulo ngati chidakwa. Ndiye ganizirani inu oyenda ulendo wakumudzi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, kenako n'kupatukira msewu wafumbi wopita kwanu mu October. Fyuluta yolola mpweya wambiri nthawi zambiri imalolanso fumbi losalala, ndipo fumbi limadya mapiko a tebo ndi ma ring mwakachetechete. Kwa bakkie yogwira ntchito, ine ndimati siyani bokosi la fakitale, muzingosintha fyuluta ya pepala pafupipafupi. Ngati mtima wakana ndithu, gulani intake yokhala ndi bokosi lotseka lokoka mpweya kunja. Snorkel, paipi ija yokoka mpweya pamwamba pafupi ndi denga, ndi yothandiza pa fumbi ndi powoloka madzi, osati pa liwiro.

Ekizosi ndiye ili ndi kachoonadi pang'ono, makamaka pa dizilo ya tebo. Utsi ukamatuluka mosavuta kuseri kwa tebo, teboyo imayamba kupota msanga ndipo kutentha kwa utsi kumatsikako, zomwe ndi zabwino kwa munthu wokoka ngolo yodzaza mafiriji ndi mabedi. Mudzamva kuti ikuyankha msanga mukanyamuka pa maloboti. Koma mphamvu yeniyeni siichuluka kwambiri, poti amene amalamula mafuta ndi boost (kapanikizidwe ka mpweya wa tebo) ndi kompyuta ya injini, ndipo iyo sidziwa kuti mwagula paipi yatsopano. Taonani zimene anachita a Toyota eni ake: 2.8 GD-6 inabwera mu 2016 ili ndi 130 kW, mu 2020 anaikweza kufika pa 150 kW, ndipo anachita izi ndi tebo yokulirapo komanso kusintha kaperekedwe ka mafuta.

N'chifukwa chake amene amapezadi mphamvu amaphatikiza ekizosi ndi remap, kutanthauza kusintha pulogalamu ya kompyuta ija. Apa m'pofunika mutu wozizira. Remap imawonjezera mafuta, mafuta amawonjezera moto, ndipo bakkie yolemedwa ikamakwera mtunda wautali motowo ungasungunule pisitoni. Pitani kwa munthu amene ali ndi dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, akuyezereni asanayambe ndi atamaliza, akupatseni mapepala onse awiri. Ikitsaninso geji ya EGT kuti muziona kutentha kwa utsi, singano ikakwera muzibweza giya. Wina akakuuzani kuti utsi wakuda ndi chizindikiro cha mphamvu, dziwani kuti imeneyo ndi dizilo yanu yosapsa ikupita kumwamba. Kilachi yakale nayo siichedwa kutha ikalandira mphamvu yowonjezera.

Pa petulo yopanda tebo musakulitse paipi mopyola muyezo. Paipi yaikulu kwambiri imachedwetsa utsi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndiye mumataya mphamvu yonyamukira, yomwe ndi imene wonyamula katundu amaifuna. Ndipo pali phokoso lija lonjenjemeretsa mutu mukamafika pa liwiro la 110 kapena 120. Mukamazungulira ku Rosettenville limakoma, koma kuchoka kuno kukafika ku Musina ndi makilomita opitirira 500 a N1, mudzafika makutu akulira ndipo amayi a kunyumba atasiya kukuyankhulani.

Ngati galimoto idakali pa warranty, funsani kaye musanakhudze chilichonse, chifukwa remap kapena kudula catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi mu ekizosi) kungakuluzitseni. Uzaninso a inshuwalansi. Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna sailensa yogwira ntchito, choncho paipi yongowongoka ingakuimitseni pamsewu kapena kukugwetsani pa roadworthy. Wowotcherera akamadula ekizosi yakale, muuzeni adule polumikizira kuti idzathe kubwererapo, ndipo bokosi la fyuluta lija musalisiye pa galaja. Zanga ndinazisunga kuseri kwa nyumba, ndipo patangotha miyezi ingapo ndinakazitenga n'kuzibwezeretsa.