Kapangidwe ka katundu wa pig iron m'tibogi ta sitima zoseweretsa za sikelo ya HO

Cholakwa chomwe chimaoneka msanga pa katundu wa pig iron (zidutswa za chitsulo chongochoka kung'anjo, chisanayengedwe) ndi kudzaza bogi mpaka pakamwa ngati ndi malasha. Chitsulochi n'cholemera kwambiri: mulu wa kiyubiki mita imodzi umakwana matani pafupifupi atatu ndi theka. Choncho matani 40 m'bogi ya mamita 12 m'litali safika n'komwe theka la mita kuchoka pansi. Pa sikelo ya HO, ya 1:87 (kutanthauza kuti chinthu chenicheni chachepetsedwa ka 87), amenewo ndi mamilimita asanu okha. Komanso opakira amaunjika miyulu iwiri pamwamba pa magudumu, pakati n'kusiya pang'ono chabe, kuti msana wa bogi usapindike. Mukatsata zimenezi, theka la ntchito latha.

Tizidutswa take mupange ndi machesi. Kamtengo ka machesi n'kokhuthala mamilimita awiri, ndipo mukadula mamilimita atatu m'litali mwayandikira msinkhu wa zidutswa zenizeni. Musanadule, chotsani mutu, kenako palani ngodya ziwiri zam'mwamba ndi sandipepa wosalala kuti kamtengoko kakhale kotakata pansi, kopapatiza pamwamba, monga chimatulukira chitsulo m'chikombole. Apa m'pofunika kuleza mtima, chifukwa tizidutswa ta ngodya zakuthwa timaoneka ngati njerwa. Dulani ndi lezala watsopano. Wobuntha amaphwanya mtengo n'kusiya ulusi womwe penti sabisa. Machesi 40 amapereka tizidutswa pafupifupi 500, tokwanira bogi imodzi. Tina tidulidwe mosalingana, poti pig iron ili ndi kaboni wambiri, 3.5 mpaka 4.5 peresenti, ndiye imasweka ikamatayidwa m'bogi.

Pentani tizidutswa tisanamatidwe. Tithireni m'kabotolo muli penti wamadzi wotuwa moderapo, khutchumulani, yanikani pa nyuzipepala motalikirana.

Mulu wonse usakhale wa machesi. Dulani katoni wolimba wocheperako milimita imodzi kuposa mkati mwa bogi, mumatepo timiyulu tiwiri ta Pratley Putty, amene amapezeka m'mahadiweya a ku Kamwala mu Lusaka, totalika mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. M'kati mwa mulu uliwonse kwiriranimo kanati kakang'ono. Kanatiko kamawonjezera kulemera, ndipo pambuyo pake katundu yense mumamunyamula ndi maginito osagwira bogi. Bogi ya masentimita 14 iziyenda bwino ikalemera magalamu pafupifupi 105 pamodzi ndi katundu. Pentani mazikowo akhale akuda, apo ayi katoni azisuzumira m'mipata.

Yalani kapulasitiki kopyapyala kophimbira chakudya m'bogi kuti guluu asamatirire katundu ku bogiyo, ikani maziko, wazani tizidutswa kuchokera m'mwamba kuti tigwe mwachisawawa. Osatiyala m'mizere. Sakanizani guluu wa matabwa ndi madzi mofanana, muwonjezere dontho limodzi la sopo wotsukira mbale. Popanda sopoyo guluu amangokhala mikanda pamwamba osalowa pansi. Donthezani pang'onopang'ono, musiye tsiku lathunthu. Nthawi ya mvula kuno ku Lusaka, kuyambira Novembala mpaka Malichi, dikirani masiku awiri, ndipo katoni mumupake penti mbali zonse ziwiri kuti chinyontho chisamupinde.

Dzimbiri ndiye limafuna diso. Chitsulo chongochoka kung'anjo chimakhala chotuwa, dzimbiri lili apo ndi apo. Chomwe chagona pabwalo miyezi chimakhala chofiirira thupi lonse. Sankhani chimodzi. Sungunulani penti wofiirira, gawo limodzi ku magawo khumi a madzi, mumulole atsikire m'mipata. Wachikasu ngati lalanje achepe kwambiri, chifukwa akachuluka katundu amaoneka ngati zidutswa za mbatata. Zikauma, palani mtima wa pensulo, mutenge fumbilo ndi chala n'kupukuta pansonga za miyulu pokha. Fumbi lotsalalo, posakaniza ndi kofiirira pang'ono, lipite pansi pa bogi pakati pa miyulu iwiri ija.