Musanakweze pikapu yanu, gwadani kaye muone chomwe chikugunda pansi

Mitambo ya mvula ikayamba kuoneka kumapiri a ku Namwera, pagalaja panga pamabwera anthu ambiri ndi mawu amodzimodzi: "Amakaniko, ndikwezereni galimotoyi, ikugunda pansi." Ambiri ndi ageni ya nsomba amene amayenda njira ya ku Makanjira kudzera ku Malindi ndi ku Lungwena, ena ndi a ku Katuli onyamula chimanga ndi nandolo. Ine sindithamangira kutchula mtengo. Ndimayala katoni pansi n'kunena kuti, "Bwana, gwadani apa tione limodzi." Kukweza pikapu kuli pawiri, body lift ndi suspension lift, ndipo munthu akasankha asanaone pomwe pakugunda, ndalama zimapita koma vuto lili pomwepo.

Hilux, Ranger, D-Max ndi Navara zonse zinapangidwa mofanana: pansi pali chasisi, chitsulo chonga makwerero chimene chimanyamula injini ndi giyabokosi, ndipo bodi, kutanthauza kabini ndi kumbuyo koika katundu, inamangidwa pamwamba pake ndi mabauti. Body lift ndi kumasula mabautiwo, kunyamula bodi ndi jeke, kulowetsa timapilo tolimba ta nayiloni kapena polyurethane pakati, n'kumanganso ndi mabauti ataliatali. Kawirikawiri bodi imakwera ndi inchi 1 mpaka 3. Chasisi sichisuntha ngakhale pang'ono. Mukaima patali galimoto imaoneka yaitali, koma mukagwada mupeza kuti mimba yake ili pomwe inali dzulo. Phindu lake ndi limodzi lokha: madigadi amatalikirana ndi matayala, ndiye mutha kuika matayala okulirapo osakhula.

Anthu amaikonda chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo galimoto imayenda monga kale, siuma. Koma ntchito yake si yaing'ono monga amaganizira. Chiwongolero chili m'kabini pomwe bokosi lake lili pachasisi, ndiye ndodo yolumikiza iyenera kutalikitsidwa. Ndodo ya giya imamira, nthawi zina imagunda pansi pa kabini n'kumakana kulowa bwino. Radiyeta ikakwera ndi bodi fani n'kutsala ndi injini, fani imadya chivundikiro chake. Paipi yothirira mafuta, mawaya a earth, mabampala, zonsezi zimafuna dzanja. Ndinalandirapo pikapu ina imene wina anaikweza ndi zidutswa za paipi ndi mabauti wamba a pamsika. Itafika kwa ine, mabauti awiri anali atapindika ndipo kabini inkagwedera mukaikankha ndi phewa. Mabauti a ntchito imeneyi akhale olembedwa 8.8 kapena kuposa pamutu pake. Matabwa ndi zidutswa za matayala musalole n'komwe.

Suspension lift ndiye imakweza chasisi chenichenicho, chifukwa mumasintha masipuling'i ndi mashoko. Mimba ya galimoto imachoka pansi, mphuno sigunda polowa mumtsinje, ndipo bampala yakumbuyo sikokoloka potuluka tsidya linalo. Kwa munthu amene amaoloka pamene mlatho unakokoloka ndi madzi, kutsika gombe lina n'kukwera lina, uku ndiye kukweza kothandiza.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense achione ndi maso ake ali chigwadire pakatoni paja. Difu yakumbuyo, chimphika chija chili pakati pa ekiselo, sikwera ndi body lift ndipo sikweranso ndi suspension lift. Ekiselo imakhala pamatayala, masipuling'i ali pamwamba pake. Ndiye ngati vuto lanu ndi mtumbira wapakati umene malole amasiya akakumba matope mbali zonse ziwiri, difu n'kukhala pamwamba pake matayala akungozungulira, chokuthandizani ndi tayala lalitali basi. Ndipo tayala limapereka theka lokha la kukula kwake. Mukachotsa 265/70R16 n'kuika 265/75R16, tayala lakula ndi mamilimita pafupifupi 26, koma difu yakwera ndi 13 okha, kunenepa kwa chala chaching'ono. Ena amakhumudwa ndikawauza zimenezi, koma pamtumbira mamilimita 13 omwewo nthawi zina ndiwo amakudutsitsani. Dziwaninso kuti tayala lalikulu limanamiza sipidomita: ikamati 100 mumakhala mukuthamanga 103 ndi kanthu, mafuta amapita ochulukirapo, ndipo galimoto imalemera ponyamuka.

Musanagule chilichonse, tengani tepi. Imikani galimoto pamalo osalala ilibe katundu, yezani kuchokera pakati pa habu kufika m'mphepete mwa madigadi, matayala onse anayi, mulembe. Kenako pakirani katundu amene mumanyamula masiku onse, muyezenso. Suzumirani kamphira kaja kali pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Ngati pomwe kamagunda pali mbee, popukutika ngati pasiliva, masipuling'i anu atopa. Mapikapu ambiri amene amabwera kwa ine kuti ndiwakweze safuna kukwezedwa, amafuna kubwezeretsedwa pomwe anali. Anyamula matumba zaka zambiri, masipuling'i anawongoka mpaka ena kupindikira pansi, mashoko anatha mafuta kalekale. Kungoika masipuling'i atsopano olimba ndi mashoko abwino, galimoto imadzuka, mwiniwake n'kudabwa. Koma sipuling'i yolimba sisintha malire a katundu. Pikapu ya tani imodzi ndi ya tani imodzi, matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu amene mwakwera nawonso amawerengedwa momwemo.

Mukatsimikiza kuti mukufunadi suspension lift, ine ndimati musapitirire mamilimita 50. Chifukwa chake chili kutsogolo kwa galimoto. Mapikapu ambiri a masiku ano alibe ekiselo imodzi kutsogolo, tayala lililonse limayenda palokha, ndipo pa 4x4 mphamvu imafika kumatayala kudzera m'ma CV joint, mfundo zopindika za ndodo zozunguza matayala. Mukakweza kwambiri, ma CV amagwira ntchito atapindika, mphira zake zimang'ambika, mchenga wa kunyanja n'kulowa, posakhalitsa mumva kuti gwede gwede pokhota. Ma ball joint, mfundo zolumikiza tayala ku mikono yoligwira, nawo amatha msanga. Kupitirira mamilimita 50 kumafuna kusintha mikono yapamwamba ndi kutsitsa difu yakutsogolo, zipangizo zimene simuzipeza pafupi zikathyoka muli ku Makanjira. Hilux zina za 4x4 zimene zinalipo isanabwere Hilux Vigo, pamodzi ndi Isuzu KB zambiri, zili ndi torsion bar kutsogolo, ndodo yachitsulo yopotoka yogwira ntchito ya sipuling'i. Kumanga bauti yake kumakweza mphuno popanda kugula kanthu, n'chifukwa chake ambiri amathamangira pamenepo. Pang'ono palibe vuto, koma mukamangitsa, tayala limasowa mpata wotsikira m'dzenje ndipo galimoto imadumpha ngati ngolo.

Kumbuyo kuli msampha wina umene amakaniko ambiri amauiwala. Mapikapu akale ali ndi valavu ya mabuleki pachasisi, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Ntchito yake ndi kuonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa n'kutsika. Mukakweza kumbuyo osasintha kandodoko, valavu imayesa kuti galimoto ilibe katundu ngakhale mwadzaza, ndiye mabuleki akumbuyo amagwira mofooka. Funsani amene akukukwezerani ngati akudziwa za valavu imeneyi. Akakuyang'anani modabwa, pitani kwina. Onaninso kuti mapaipi a mabuleki sakukokeka tayala likalendewera.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi phiri la Chowe. Aliyense amene anatsikako kuchokera ku Namwera kapena ku Chiponde akudziwa makona ake. Galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakweranso, ndipo imapendekeka msanga. Suspension lift imakweza zonse, injini yomwe. Body lift imasiya injini ndi chasisi pansi, koma katundu wanu amakwera ndithu. Tsono ganizani usipa wouma woundidwa kupitirira kabini, anthu atakhala pamwamba pake, galimoto yokwezedwa mainchi 4, mukutsika Chowe kukuwaza mvula. Munthu akandipempha kuti ndiphatikize zonse ziwiri pagalimoto yonyamula anthu, ndimakana ngakhale ndalama zili m'manja.

Ndiye posankha ndimatere. Ngati chikugunda ndi chasisi, bampala kapena thanki, kapena galimoto imakhala pansi ikanyamula, konzani suspension, mukweze pang'ono. Ngati chikugunda ndi difu, yambani ndi matayala, muone ngati akukwana. Akamakhula madigadi pokhota koma masipuling'i anu ali bwino, pamenepo ndi pomwe body lift ya inchi 1 kapena 2 ili ndi ntchito. Ngati ulendo wanu ndi wa patala pokha, Liwonde, Mangochi, Monkey Bay, ndalamazo gulirani matayala abwino ndi mashoko.

Ntchito ikatha, tsiku lomwelo kachititseni wheel alignment, kuwongola kaimidwe ka matayala, apo ayi matayala atsopanowo adyeka mbali imodzi mwezi usanathe. Tsitsani magetsi akutsogolo kuti musathobwe anzanu m'maso usiku. Auzeni a inshuwalansi zomwe mwasintha, ndipo kumbukirani kuti galimotoyo idzapitanso kokayezedwa COF. Pa body lift, tsekani mpata wotsala pakati pa bodi ndi chasisi ndi mphira kuti matope asamalowe ku injini. Mukayenda ulendo umodzi wa ku Makanjira ndi kubwerera, bwerani nayo timangenso mabauti onse, makamaka ma U-bolt akumbuyo omanga masipuling'i ku ekiselo, chifukwa sipuling'i yatsopano ikakhazikika amamasuka.