Momwe mungaonere woimba wodziimira payekha pamalo aang'ono

Oimba odziimira paokha, omwe alibe kampani yowajambulira ndi kuwatsatsira nyimbo, saimbira m'masitediyamu. Mumawapeza m'malo aang'ono monga Jacaranda Cultural Centre ndi Kwa Haraba ku Blantyre, kapena Madsoc Theatre ku Lilongwe. Kumeneko woimba amakhala pafupi nanu kwenikweni, moti pomwe mwaima ndi zomwe mukuchita zimasintha kamvekedwe ka nyimbo.

1. Tsimikizani tsiku ndi malipiro. Posita yoyenda pa WhatsApp ikhoza kukhala yakale, choncho onani tsamba la Facebook la woimbayo m'mawa wa tsikulo. Funsani nthawi yotsegula pakhomo ndi nthawi yoyamba kuimba, chifukwa zimasiyana. Ngati mukulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani pa nambala yomwe ili patsamba lakelo basi, ndipo sungani uthenga wotsimikizira. Tenganinso ndalama zapamanja, netiweki imatha kuvuta pakhomo pomwepo.

2. Konzani zobwerera musananyamuke. Maminibasi amasowa kukada. Gwirizanani mtengo ndi wa takisi kapena wakabaza yemwe mumamudziwa usana ukadalipo. M'miyezi ya June ndi July musaiwale juzi.

3. Fikani mphindi 30 kapena 45 nthawi isanakwane. Mukapeza akuyesa zida, musawasokoneze ndi moni. Nthawi imeneyo woimba akupempha kuti amukwezere kapena kumutsitsira mawu m'masipika omwe amamverapo iyeyo pasiteji, ndipo zikalakwika apa amaimba usiku wonse osadzimva bwino.

4. Sankhani poima. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Yang'anani pomwe pali mikisa, tebulo la mabatani lomwe nthawi zambiri limakhala pakati kapena chakumbuyo kwa chipinda. Munthu wa pamikisa amasakaniza mawu, gitala, kiyibodi ndi ng'oma molingana ndi zomwe makutu ake akumva pamalo pamenepo, ndiye pafupi naye ndi pomwe nyimbo imamveka momwe iyenera kumvekera. Kutsogolo kwenikweni mumaona bwino zala za woimba pa gitala, koma masipika aakulu amakhala akulozera kumbuyo kwanu, choncho ng'oma imakwirira mawu a woimba. M'ngodya ndi pafupi ndi khoma besi imachulukana n'kumangogunda.

Musayandikire sipika. Malinga ndi muyezo wa zaumoyo wa pantchito, khutu limapirira phokoso la madesibeli 85 (desibeli ndi mlingo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokosolo likakwera ndi madesibeli 3 nthawiyo imatsika ndi theka. Pa madesibeli 100 imangotsala mphindi 15. Mukatuluka makutu akulira, dziwani kuti munapyola muyezo. Tizotsekera m'makutu tasiponji n'totsika mtengo, funsani ku famase.

5. Zinthu zikasokonekera, dekhani. Kulira kobaya m'makutu kumabwera maiki ikatola mawu otuluka m'sipika n'kuwabwezeranso momwemo mobwerezabwereza. Wa pamikisa amakonza m'masekondi ochepa, kukuwiza sikuthandiza. Magetsi akazima, dikirani ayatse jenereta. Ena mwa oimbawa amangopitiriza ndi gitala yopanda magetsi, ndipo apa mpofunika kukhala chete kuti akumbuyo amveko.

6. Lemekezani nyimbo zofatsa. M'chipinda chaching'ono macheza a anthu awiri amafika mpaka pasiteji. Nkhani zidikire nthawi yopumira kapena mukachezere panja. Zimitsani fulashi ya foni, imathobwa woimba m'maso. Kujambula kanema wa mphindi imodzi sikulakwa, koma foni ikhale pachifuwa, osati pamwamba pa mitu ya anzanu. Nyimbo yomwe woimba wanena kuti sanaitulutse musaiike pa intaneti osamupempha.

7. Akamaliza musathamangire kutuluka. Ndalama za pakhomo zimagawidwa pakati pa eni malo, obwereketsa zida, oimba nawo ndi mayendedwe, ndipo woimba mwini amatsala ndi zochepa. Ngati akugulitsa CD, malaya kapena nyimbo za pafoni, gulani kwa iye mwachindunji. Mukafuna kujambulitsa naye, dikirani alongedze kaye gitala ndi mawaya ake, chifukwa zida zimasowa pa nthawi ya piringupiringu imeneyi. Kenako mufunseni komwe akaimbe ulendo wotsatira, mulembe tsikulo.