Mmene mungalondolere nkhani ya ndege yankhondo yomwe inagwa ndi woyendetsa wake amene anagwidwa

Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina kuno ku Nsanje. Tsiku lina mwana wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndege ikagwa kwa adani, woyendetsayo amapita naye kuti?" Ndinamuyankha mwachidule, koma madzulo ake ndinagula bandulo n'kukakhala pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwirako bwino. Njira yomwe ndinatsata ndi iyi.

Musayambe ndi dzina lokha. Lembani m'kope zinthu zitatu: tsiku, mtundu wa ndege, ndi nambala yake. Ine ndinasankha Douglas Bader wa ku Britain, woyendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndege yake, Spitfire ya nambala W3185, inagwa kumpoto kwa France pa 9 Ogasiti 1941. Mukalemba dzina lokha pa Google mudzakumana ndi mulu wa nkhani zomutamanda, zonse zokoperana. Nambala ija ndi imene imakufikitsani kwa anthu amene anawerengadi mapepala akale. Dzina la malo liyeseni kawiri, mwachitsanzo St Omer ndi Saint-Omer, tawuni ya kufupi ndi komwe anagwera, poti amalilemba mosiyana.

Kenako funani buku la gulu lake. Gulu lililonse la ndege za RAF, asilikali a m'mlengalenga a Britain, linkalemba zochitika za tsiku ndi tsiku: ndani wanyamuka, nthawi yanji, ndani sanabwerere. Mabukuwa amasungidwa ku The National Archives ku Kew, mu London, pansi pa chizindikiro cha AIR 27. Tsiku limenelo Bader ankauluka ndi gulu la 616 Squadron kuchokera ku Westhampnett, pafupi ndi Tangmere, ndiye pofufuza lembani AIR 27, nambala ya gululo, ndi chaka.

Apa ndi pamene pamafunika kufatsa. Bader mwiniwake ankanena kuti anawombana m'mwamba ndi Messerschmitt 109 ya Majeremani. Ofufuza ena a m'mbuyo muno, atafananiza malipoti a mbali zonse ziwiri, akuganiza kuti anawomberedwa mwangozi ndi mnzake wa mbali yake yomwe. Ine sindimunena kuti ananama ayi. Munthu ali m'ndege yoduka mchira, ikuzungulira polowera pansi, angaone bwanji chomwe chamumenya kumbuyo? Kuno mukafunsa anthu atatu za madzi osefukira a 2015 ku Makhanga, aliyense adzakuuzani ola lake lomwe madzi analowa m'nyumba, ndipo onsewo analipo. Choncho gawani tsamba la kope pawiri. Kumanzere lembani zomwe ananena mwiniwake, kumanja zomwe zinalembedwa tsiku lomwelo. Pomwe zikusemphana, zisiyeni zisemphane, musazikakamize.

Za kugwidwa kwake muzitsate ngati mapazi a mbuzi yosochera, malo ndi malo. Bader anali ndi miyendo yoikirira, popeza yonse iwiri inadulidwa atachita ngozi ya ndege mu 1931. Podumpha ndi parachuti, mwendo wakumanja unakanirira m'ndege n'kutsala momwemo. Anamutengera kuchipatala ku St Omer. Majeremani analola kuti amutumizire wina, ndipo ndege ya Britain inauponya ndi parachuti pa 19 Ogasiti. Ana anga m'kalasi anaseka mpaka kugwira nthiti, mwendo kutsika kuchokera kumwamba! Pachipatalapo anathawapo usiku potsika pawindo ndi nsalu zapabedi zomangiriza, koma anamugwiranso. Chifukwa chosatopa kuyesa kuthawa, mu 1942 anamutsekera ku Colditz, ndende ya akaidi a nkhondo ku Germany, komwe asilikali a America anamumasula mu Epulo 1945. Malo alionse muwalembe ndi tsiku lake, m'ndondomeko, kuti muone pomwe pali mpata.

Mipata imeneyo amatseka ndi a Red Cross a ku Geneva. Pangano la Geneva la 1929 linkalamula kuti dziko logwira msilikali lidziwitse za iye, ndipo mayina ankadutsa kumeneko. Za nkhondo yachiwiri amalandira mapempho ochepa pa nthawi zoikika, ndiye konzekerani kudikira. Musataye bandulo pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission ngati munthu wanuyo anabwerera wamoyo. Kumeneko kuli mayina a omwe anamwalira okha, ndipo ine ndinatayako madzulo athunthu ndisanazindikire.

Chomaliza, koperani zonse pamanja. Kutentha kwa Okutobala kuno kumazimitsa foni yokha, ndipo yanga inandithawira ndili pakati pa tsamba lomwe sindinalipezenso. Mwana uja tsopano wabwera ndi nambala ya usilikali ya agogo ake aamuna, omwe anapita ku Burma ndi gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles), yolembedwa kuseri kwa chithunzi chodyeka ndi chiswe. Manambala awiri omalizira sakuoneka. Loweruka tikayesa onse.